MBIRI YA CHARLES DICKENS, WOLEMBA NTHANO

Ambiri a inu, abale owerenga, mudziwa kuti Dr. David Livingstone atamwalira kwa Citambo mu 1873, anyamata ace ananyamula mtembo wace kufikira ku nyanja yamcere, ndipo unakaikidwa mu 1874 m'kacisi wamkuru wa ku London, wochedwa Westminster Abbey. M'kacisi momwemo, kutatsala zaka 4 kuti izi zicitike, anaikamo munthu wina amene tifuna kukuuzani mbiri yace mwezi uno. Dzina lace ndiye Charles Dickens. Nchito yace inali yolemba nthano zazitali zodzaza buku lonse. Ndipo nthanozo zinamveka kwambiri, kotero kuti Mfumukazi Victoria inaziwerenga m'nyumba yace yacifumu, ndi amphawi osadziwa kuwerenga anasonkha timakobiri tao kuti wina awawerengere mokweza.

Kapena wina adzafunsa kuti munthu wopeka nthano apindulitsa ciani, popeza zimene alemba sizinacitike. Koma takumbukani agogo athu ponena za Kalulu ndi Fisi madzulo pamoto. Panalibe mwana amene anawayesa onama. Tonse tinazindikira kuti Fisi wadyerayo ali m'mudzi mwathu momwe, ndipo nthawi zina ali mumtima mwathu. Nthano za Dickens ziri zotero, kungoti m'malo mwa nyama za m'chire muli anthu a m'miseu ya London: ana amasiye, akaidi, makalaliki, oweruza ndi mbala. Tsono tiyambe ndi ubwana wace, pakuti ndiko kudacokera zonse.

UBWANA WACE

Charles anabadwa pa 7 February 1812 ku Portsmouth, mudzi wa pa dooko kum'mwera kwa England, ndipo anali waciwiri mwa ana 8. Atate ace, John Dickens, anali kalaliki mu ofesi yolipira asilikari a pamadzi. Anali munthu wokoma mtima, wokonda kuceza ndi kucereza alendo, koma wosadziwa kusunga ndarama. Malipiro ao sanali ocepa, koma zimene anamwaza zinaposa zimene analandira, nayamba kukongola kwa uyu kuti abweze kwa uja.

Kuyambira pamene anali wa zaka 5 kufikira 10, mwanayo anakhala ku Chatham, ndipo zaka zimenezo ndizo zinali zokondweretsa m'moyo wace. Anali wodwaladwala, wosakhoza kuthamanga ndi anzace. Cifukwa cace amai ace atamphunzitsa kuwerenga, anazolowera kukhala yekha m'kacipinda kena m'mene munali mabuku owerengeka a atate ace. M'menemo anawerenga za Robinson Crusoe ndi za Don Quixote kawirikawiri, kufikira anthu a m'mabukumo anakhala ngati abwenzi ace. Masiku ena anayenda ndi atate ace kunja kwa mudzi, napitirira pa nyumba yaikuru ya pa citunda, yochedwa Gad's Hill Place. Mwanayo anaisirira, ndipo atate ace anamuuza kuti akalimbika pa nchito akhoza kudzakhala m'nyumba imeneyo tsiku lina. Mau amenewa muwasunge, pakuti tidzabwerera kwa iwo.

NDENDE YA AMANGAWA

Mu 1822 banjalo linasamukira ku London, ndipo kumeneko mangawa anawapambana. Charles analeka sukulu. Anayamba kumtuma kukapinyolitsa katundu wa m'nyumba, cinthu cimodzi cimodzi, mpaka ndi mabuku aja amene adawakonda. Masiku amenewo lamulo la ku England linalola kuti munthu wolephera kubweza ngongole atsekeredwe m'ndende kufikira atakonza mlandu wace. Potero mu February 1824 John Dickens anagwidwa cifukwa ca mapaundi 40 amene adakongola kwa munthu wophika mikate, naikidwa m'ndende ya Marshalsea. Posacedwa amai ndi ana aang'ono anakalowa nao m'kacipinda ka m'ndendemo, pakuti analibe kwina kokhala.

Charles, mwana wa zaka 12, anatsala kunja yekha. Anampezera nchito m'nyumba yakale yogumukagumuka m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, m'mene anali kupanga polishi wa nsapato. Makoswe anali kupfuula pansi pa matabwa usana womwe. Nchito yace inali yophimba timiphika ta polishi ndi pepala, kumanga ndi cingwe, ndi kumata cizindikiro; anatero maora 10 pa tsiku, nalandira masheleni 6 pa sabata. Kuti ndaramazo zifike Loweruka, anazigawa m'timapukusi 6, nalemba dzina la tsiku pa kapukusi kali konse. Koma njala ya mwana siidziwa masiku, ndipo kawirikawiri anagula kamkate kotsekemera m'mawa nakhala wopanda cakudya masana. Lamulungu anapita ndi mlongo wace Fanny kukaswera tsiku lonse m'ndende.

Cimene cinamwawa koposa njala ndi manyazi. Tsiku lina anagwidwa ndi nthenda yace ya m'nthiti ali pa nchito, ndipo mnyamata mnzace, dzina lace Bob Fagin, anamsamalira tsiku lonse, nati amperekeze kwao madzulo. Charles sanafune kuti mnzaceyo adziwe za ndende. Cifukwa cace anaima pa khomo la nyumba ina yabwino ya anthu osawadziwa, namtsanzika pomwepo monga ngati ndi kwao, nagogoda pa citseko kuti bodzalo likhwime.

Atate ace anaturuka m'ndende itapita miyezi 3, koma mwanayo anakhalabe pa nchito ija pafupifupi caka. Pambuyo pace atatewo anakangana ndi mwini nchito, namcotsako mwana wao kuti abwerere ku sukulu. Koma amai ace anapita kukapepesa, nafuna kuti abwererenso ku timiphika tija, cifukwa ca masheleni 6 aja. Mau a atate ndiwo anapambana. Komabe Charles sanaiwale kufikira imfa yace kuti amai ace adafuna kumbweza kumeneko. Cinsinsi ca masiku amenewa anacibisa kwa ana ace omwe. Anauza bwenzi lace John Forster, ndipo dziko linamva zimenezi iye atamwalira kale.

KUPHUNZIRA KULEMBA

Anakhala pa sukulu zaka 2 zokha, ndipo mu 1827, ali wa zaka 15, analembedwa ukalaliki kwa maloya. Kumeneko anaona m'mene mirandu icedwera ndi m'mene osauka athera cuma cao pa mabwalo. Madzulo anadziphunzitsa yekha kalembedwe kacidule ka zizindikiro, kamene munthu akhoza kulemba nako mau msanga monga aturukira m'kamwa mwa wolankhula. Anakadziwa bwino kalembedweka, kotero kuti anamlemba nchito yomvera zokamba za akuru m'Nyumba ya Malamulo ndi kuzitumiza ku nyuzipepala. Analinso ndi cizolowezi coyenda pansi mitunda yambiri m'miseu ya London, usana ndi usiku, kupenyetsetsa nkhope za anthu ndi kumvetsera kalankhulidwe kao. Ndipo zimene anaziona sanaziiwala.

Nthano yace yoyamba inasindikizidwa mu December 1833, osamlipira kanthu. Mu April 1836 anakwatira Catherine Hogarth, mwana wa mkonzi wa nyuzipepala, ndipo m'caka comweco anayamba nthano yoseketsa yochedwa The Pickwick Papers. Nthanoyi siinaturuke yonse pamodzi. Inaturuka cigawo cimodzi mwezi uli wonse, monga ituruka nyuzi yathu ino, pa mtengo wa sheleni imodzi. Potero anthu osakhoza kugula buku lathunthu anakhoza kugula pang'ono pang'ono. Cigawo coyamba cinagulidwa ndi anthu mazana owerengeka okha, koma pofika kumapeto mu 1837 anali kugulitsa 40,000 pa mwezi. Mnyamata wa zaka 25 anachuka m'dziko lonse.

Kalembedwe ka mwezi ndi mwezika kanamphunzitsa luso limene onena nthano a kwathu alidziwa bwino, ndilo kulekeza nkhani pamene mitima ya omvera yakwera, kuti abwerenso mawa. Anadziwanso kupatsa munthu ali yense wa m'nthano kayendedwe kace, kabvalidwe kace ndi kamau kace kokonda kubwereza, kuti owerenga amzindikire msanga ngakhale patapita miyezi.

WOLANKHULIRA ANA OSAUKA

Akadafuna, Dickens akadangopitiriza kuseketsa anthu ndi kulemera. Koma timiphika tija sitinacoke m'mtima mwace. Mu 1834 boma la England lidaika lamulo lakuti mmphawi wofuna cithandizo alowe m'nyumba ya amphawi, m'mene mwamuna analekanitsidwa ndi mkazi wace, ndi ana ndi akuwabala. Cakudya cinali cocepa dala, kuti anthu aope kupempha. Pamenepo Dickens analemba Oliver Twist, kuyambira 1837 kufikira 1839. Ndiyo nthano ya mwana wamasiye wobadwira m'nyumba yotere. Tsiku lina ana anjalawo anacita maere, ndipo anagwera Oliver kuti akapemphe phala loonjezera. Ananyamuka ndi kambale kace napempha mwaulemu. Koma akuru a nyumbayo, anthu onenepa okhuta nyama, anadzidzimuka monga ngati mwanayo wapha munthu, namtsekera m'cipinda ca mdima. Wowerenga pofika pamenepa ayamba waseka kupusa kwa akuruwo, koma kuseka kusanathe apeza kuti misozi irikulengeza. Mphamvu ya Dickens iri pomwepo. Anthu amene sakadamvera ulaliki wonena za amphawi zikwi zambiri, anamvera cisoni mwana mmodzi wa dzina ndi nkhope.

Adamva za masukulu ena a ku Yorkshire, kumene anthu anali kutayako ana osawafuna, ndipo anawo anali kumenyedwa ndi kumanidwa cakudya, ena kucita khungu, ena kufa. Mu 1838 anapita m'nyengo ya cisanu, atabisa dzina lace, kukaona ndi maso. Atabwera analemba Nicholas Nickleby, m'mene muli mphunzitsi wankhanza wochedwa Squeers. Nthanoyo itamveka, akubala ambiri anacotsako ana ao, ndipo masukulu ambiri otere anatsekedwa.

Nthano yace yodziwika koposa ndi yaifupi, yochedwa A Christmas Carol. Anailemba m'masabata 6 mu 1843, mtima uli wowawa ndi zimene adawerenga za ana aang'ono ogwira nchito m'migodi ndi m'mafakitale. Inena za nkhalamba yolemera ndi youmira, Scrooge, imene inamana kalaliki wace makala a moto m'nyengo yozizira, niyesa amphawi anthu ocurukitsa dziko cabe. Usiku wa Krisimasi unamfikira mzukwa wa mnzace wa malonda amene adafa kale, womangidwa ndi unyolo umene adadzisulira yekha ndi umbombo wace. Pambuyo pace inadza mizimu itatu. Woyamba unamuonetsa ubwana wace, pamene anali mwana wosiyidwa yekha pa sukulu. Waciwiri unamlowetsa m'nyumba ya kalaliki uja, m'mene munali kamwana kopunduka, Tiny Tim, ndi banja lokondana pa cakudya cocepa. Wacitatu unamuonetsa manda ace, opanda munthu wolirapo. Kutaca Scrooge anauka munthu wina. Taonani nzeru ya wolembayo: sanayambe ndi kuopsa nkhalambayo ndi manda, koma anayamba waikumbutsa kuti nayonso inali mwana, pakuti mtima wouma uyamba kufewa pamene udapwetekedwa. Bukuli linaturuka pa 19 December 1843, ndipo mabuku 6,000 oyamba anatha Krisimasi isanafike.

Zitatha izi analemba David Copperfield, mu 1849 ndi 1850, nabisamo mbiri ya ubwana wace. Atate ace omwe alimo, m'cifaniziro ca Micawber, munthu wamangawa woyembekeza masiku onse kuti mwai udzaturukira mawa. Mwa mabuku ace onse, ili ndilo analikonda koposa. Mu Bleak House, ya 1852 ndi 1853, ananena za mlandu wa cuma ca masiye umene unakhala pa bwalo zaka zambirimbiri, kufikira cuma conse cinathera kulipira maloya. Mu Little Dorrit anabwerera ku ndende ya Marshalsea. Mu Great Expectations, ya 1860 ndi 1861, muli mnyamata Pip amene atapeza cuma anacita manyazi ndi mlamu wace wosula zitsulo amene adamlera. Ndipo ambiri a ife amene tinapita ku sukulu ndi thukuta la abale osaphunzira tiyenera kuiwerenga nthano imeneyo ndi mutu woweramitsa.

Sanathandize ndi colembera cokha. Kuyambira 1847, pamodzi ndi mai wina wacuma, Angela Burdett-Coutts, anayang'anira nyumba yolandira akazi amene umphawi udawagwetsa m'moyo woipa, kuti aphunzire kuwerenga, kusoka ndi kuphika, nakayambe moyo watsopano. Mu 1858 anasonkhetsa ndarama zambiri za cipatala ca ana ca ku Great Ormond Street, pamene cinali pafupi kutsekedwa. Kunyumba analembera ana ace kabuku ka moyo wa Ambuye Yesu m'mau apafupi, nakaniza kuti kasindikizidwe. Kanaturuka mu 1934, ana ace onse atatha kumwalira.

ZOLAKWA ZACE

Tikadalekeza pano, mbiri ikadakoma, koma siikadakhala yoona. Mu 1842 Dickens anapita ku America, naona akapolo ku Virginia, nanyansidwa nao ukapolo, nautsutsa kolimba m'buku la ulendo wace. Koma munthu yemweyo mu 1853, pamene Azulu ena anatengedwa kunka ku London kukaonetsedwa kwa anthu olipira pa khomo, analemba m'nyuzi yace mau onyoza iwo ndi miyambo yao, monga ngati sali anthu anzace. Ndipo pamene bwanamkubwa wa ku Jamaica anaphetsa anthu akuda oposa 400 mu 1865 cifukwa ca cipolowe, Dickens anaima ndi iwo amene anamteteza. Maso amene adapenya bwino misozi ya mwana wa ku London anali akhungu pa munthu wa ku Afrika. Ife sitibisa cimeneci, ndipo sitimcepetsera.

Pa cinthu cina anamva cidzudzulo. Mbala yaikuru ya mu Oliver Twist anaicha Fagin, dzina la mnyamata uja amene adamcitira cifundo, naichula Myuda kawirikawiri monga ngati kuba ndi mtundu wace ziri cinthu cimodzi. Mu 1863 mai wina Waciyuda, Eliza Davis, anamlembera kalata yomuuza kuti walakwira anthu a mtundu wace. Poyamba anadzikanira, koma pambuyo pace anaika Myuda wolungama m'nthano yace yotsatira, nafafaniza mau ambiri onyozawo posindikizanso bukulo mu 1867.

Colakwa cacikuru cinali ca m'nyumba mwace. Catherine anambalira ana 10 m'zaka 15, mmodzi namwalira ali wakhanda. Mkaziyo anali wofatsa ndi wosalankhulalankhula, ndipo atatopa ndi uchembere, mwamuna wace anayamba kumuona ngati wolemetsa. Mu 1857, ali wa zaka 45, Dickens anakonda namwali wa zaka 18 wocita masewero, dzina lace Ellen Ternan. Caka cotsatira anamcotsa Catherine pa nyumba, atakhala naye zaka 22. Mwana wamwamuna woyamba yekha ndiye anapita ndi amace; ena onse anatsala ndi atate ao, ndipo sanalimbikitsidwe kukaona amai ao. Dickens anafikira polengeza nkhani ya banja lace m'nyuzi kuti adziyeretse, nanenera mkazi wace kuti sakonda ana ace, cimene cinali cosaona. Makalata amene anadziwika mu 2019 asonyeza kuti anayesanso kumtsekereza m'nyumba ya amisala, koma sing'anga anakana popeza mkaziyo anali wolama. Catherine sanabwezere mau oipa. Ali pafupi kumwalira mu 1879 anapereka kwa mwana wace Kate makalata amene mwamuna wace adamlembera kale, kuti akasungidwe ku British Museum, dziko lidziwe kuti nthawi ina adamkonda.

Codabwitsa ndi ici: mu Bleak House Dickens adaseka mai wina, Mrs Jellyby, amene anatanganidwa ndi kulemba makalata othandiza anthu a ku mtsinje wa Niger, pamene ana ace a iye mwini anali kugwa pa makwerero osasamba ndi osadya. Anaidziwa bwino nthenda yokonda anthu akutali ndi kuiwala a pa khomo, nailongosola mwaluso. Koma pamene inamgwira iye sanaizindikira.

ZAKA ZOTSIRIZA

Mu 1856 anagula Gad's Hill Place, nyumba ija adamlozera atate ace ali mwana. Kuyambira 1858 anayamba kuyendayenda m'midzi yaikuru kuwerenga nthano zace pamaso pa makamu olipira pa khomo. Anaima yekha pa kagome, wopanda zobvala za masewero, nasintha mau ndi nkhope monga mwa munthu ali yense wa m'nthano, kotero kuti anthu zikwi anaseka ndi kulira pamodzi. Anawerenga motere koposa ka 400, ku Britain ndi ku America. Anapindula ndarama zambiri, koma thupi lace linatha.

Pa 9 June 1865 sitima ya pamtunda imene anakwera inagwa pa mlatho ku Staplehurst, pamene anchito adacotsa njanji kuti akonze. Anthu 10 anafa. Ngolo yace inalenjekeka osagwa. Anaturuka, natunga madzi m'cipewa cace, nathandiza obvulala maora angapo, ena namwalira iye alikuwagwira. Atatero anakweranso m'ngolomo kukatenga mapepala a nthano imene analikulemba. Kuyambira tsiku lomwelo ananjenjemera pokwera sitima. Asing'anga anamcenjeza kuti apumule, koma sanamvere msanga. Anawerenga kotsiriza pa 15 March 1870. Pa 8 June, atalemba tsiku lonse, anagwa pa nthawi ya cakudya ca madzulo ndi nthenda yakufa ziwalo, namwalira tsiku lotsatira, pa 9 June 1870, ali wa zaka 58. Nthano yace yotsiriza, The Mystery of Edwin Drood, inatsala pakati. Iye adafuna maliro acete, opanda cionetsero. Ndipo anamuika m'mamawa pa 14 June pamaso pa anthu owerengeka, m'cigawo ca Westminster Abbey m'mene agona alakatuli a dzikolo. Koma manda anasiyidwa osatseka masiku angapo, ndipo anthu zikwi anadza kudzaponyamo maluwa.

NTHANO ZACE M'KANEMA

Dickens anafa kanema asanapangidwe, koma nthano zace zinakhala ngati zidalembedwera iye, cifukwa anthu ace aoneka ndi maso pomwe uwerenga. Kale mu 1901 ku England anajambula kanema wamfupi wopanda mau wa nkhani ya Scrooge. David Lean anajambula Great Expectations mu 1946 ndi Oliver Twist mu 1948, ndipo akanema awiriwa ayamikidwa kufikira lero. Mu 1968 nkhani ya Oliver inaturuka ndi nyimbo, nilandira mphotho ya Oscar ya kanema wopambana wa caka cimeneco. Mu 2004 Tim Greene anaisamutsira ku Cape Town, m'kanema wochedwa A Boy Called Twist, pakati pa ana ogona m'miseu ya kumeneko, ndipo nthanoyo inakhala monga ngati idabadwira komweko. Mu 2005 a BBC anaonetsa Bleak House pa wailesi ya kanema m'zigawo 15, anthu nadikira cigawo cotsatira monga adacitira makolo ao ndi timabuku ta sheleni. Mu 2019 Armando Iannucci anajambula David Copperfield, napatsa Dev Patel, wa makolo Acimwenye, malo a David, ndi anthu akuda malo ena akuru. Cimene Dickens mwini sakadaciganizira, koma nthano yace inacilola.

Kanema ndi wabwino, ndipo amene apeza mpata aonere. Koma mudziwe kuti buku limene munthu awerenga masabata ambiri silingalowe lonse m'maora awiri. Wojambula asankha zina nataya zina. Kanema akuonetsani nkhope ya Pip pamene mlamu wace wosauka adza kudzamuona ku London, koma buku ndilo likuuzani zimene Pip analikuganiza, ndi manyazi amene anamva pokumbukira atakula. Cifukwa cace tikupemphani kuti mukaona kanema mufunefunenso buku. Cingelezi cace ncobvuta pang'ono, koma alipo mabuku ofupikitsidwa a ana a sukulu. Ndipo woyamba ayambe ndi A Christmas Carol, popeza ndi yaifupi. Amene adziwa Cingelezi asadye yekha. Awerenge cigawo cimodzi masana, ndipo madzulo akafotokozere a pa khomo m'cinenero cathu, nalekeze pokoma. Pakuti nthanozi zinalembedwa kuti zimveke ndi makutu, ndipo umo ndimo adazimvera amphawi a ku London.

ZIMENE TITOLAPO

Poyamba tinena ndi akubala. Ngongole ya atate inacotsa mwana pa sukulu nimsiya ndi bala la moyo wonse. Charles anapulumuka cifukwa anabwezedwa ku sukulu; koma m'nyumba ya polishi ija munatsala Bob Fagin ndi anzace, amene mwina anali ndi nzeru zomwezo, ndipo palibe amene adziwa kumene anathera. Pamene mulingalira zocotsa mwana m'kalasi kuti akagwire ganyu kapena akalere mwana wa eni, kumbukirani masheleni 6 aja, ndi mwana amene sanaiwale.

Kaciwiri tinena ndi aphunzitsi ndi onse odziwa kulemba. Dickens sanaphunzire kufika patali; analemba za anthu amene anakomana nao pa mseu. M'midzi mwathu muli amasiye olandidwa cuma, muli nkhalamba zoumira, muli oseketsa pa maliro ndi pa dambwe la mowa, muli amai osenza banja lonse pamutu. Onsewa alikudikira wowapenya bwino ndi kuwalemba moona.

Kacitatu tinena ndi ife tonse. Munthu uyu anafewetsa mitima ya dziko lonse pa ana a eni, naumitsa mtima wace pa mkazi wa ubwana wace. Luso silimkonza munthu, ndipo kuchuka sikufafaniza misozi ya m'nyumba. Tiwerenge mabuku ace ndi ciyamiko, pakuti muli zoona zambiri ndi cifundo cambiri; koma titatseka buku, tiyambe tayang'ana amene akhala nafe pa mphasa imodzi.